Njanji ya ku Kanengo ndi Anthu Amene Akuikumbukira

[Nyimbo yotsegulira, itsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Lero tikamba za njanji ya sitima ya pamtunda imene imalowa mu Lilongwe kuchokera ku Salima, n'kupitirira mpaka ku Mchinji.

Inu a ku Kawale, ku Biwi, ku Area 23 ndi kwa Chinsapo, mwina ena mwa ana anu sitima amaidziwira m'buku la kusukulu basi. Musawadabwe anawo. Siteshoni ya mzinda uno ili ku Kanengo, kumpoto kwenikweni, pamene inu muli kumwera ndi kumadzulo, mzinda wonse uli pakati. A ku Area 25 ndi kwa Mgona ndiye njanji ndi mnansi wawo. Amaiwoloka m'mawa popita kuntchito, ena amaiyesa njira yachidule. Amene anayendapo pakati pa njanji akudziwa mmene imatopetsera: ukaponda silipa iliyonse, mapazi amayandikana kwambiri, ukati uzidumpha imodzi, mwendo sufika bwino. Munthu amangoyenda motsimphina, maso ali pansi.

Funso lathu lero ndi lakuti, njanji imene inamangidwa ndi ndalama zambiri ndi chiyembekezo chachikulu chotere inatani kuti ifike pomera udzu?

[Kanyimbo kachidule]

WOULUTSA: Sitima m'dziko muno inayambira kumwera. Kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, kudzera ku Chiromo, ndipo sitima inafika ku Blantyre mu 1908. Njanji ya ku Beira inafika pagombe la Zambezi mu 1922, koma panalibe mlatho, katundu ankawoloka mtsinjewo pa maboti. Mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita pafupifupi 3.7, unatsegulidwa mu 1935, ndipo chaka chomwecho njanji ya kuchokera ku Blantyre inafika ku Salima.

Pa Salima pamenepo njanji inaima zaka 44. Fodya wa m'chigwa cha Lilongwe ankakwera malole, kutsika mapiri mpaka ku Salima, n'kukalowa m'mabogi ulendo wa ku Limbe. Lilongwe nthawi imeneyo anali katauni ka boma ndi masitolo a amwenye, ndipo atsamunda sanaone chifukwa chokwezera sitima kumtunda kuno.

Zinthu zinasintha pamene Kamuzu Banda anatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Mu 1970 boma linali litatsegula kale njanji ina, yochokera pa Nkaya pafupi ndi Balaka, kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, yolumikiza dziko lino ku doko la Nacala. Likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Amene anajambula mapulani a mzinda anaika mafakitale onse ku Kanengo, ndipo kumeneko ndi kumene njanji inayenera kufika. Dziko la Canada linapereka ndalama ndi akatswiri, Amalawi anagwira makasu, mapiki ndi makina. Njanji ya Salima mpaka Lilongwe, ya makilomita opitirira pang'ono 100, inatsegulidwa mu 1979, ndipo ya Lilongwe mpaka Mchinji inatha mu 1980. Mitu ya sitima yoyendera dizilo yopangidwa ku Montreal, ku Canada komweko, ndi imene inkakoka mabogi pa njanjiyi.

Sinali ntchito yamasewera. Salima ili pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, pamene Lilongwe ili pamwamba pa mamita 1,000. Galimoto imakwera phiri molunjika, koma sitima siingathe, chifukwa mawilo achitsulo amaterereka pa chitsulo chinzake. Njanji imayenera kuzungulira, kukwera pang'onopang'ono, apa adule phiri, apo akwirire chigwa, apo aike mlatho kapena kalavati. Malo onse odula ndi okwirirawa ndi amene mvula imawakonda. Muzikumbukire zimenezi, tibwererako.

Taonani zimene zinamangidwa moyandikana ndi njanji ku Kanengo: nkhokwe zikuluzikulu za chimanga zija timaziona tili kutali, msika wa fodya, makampani okonza fodya, mosungira feteleza, matanki a mafuta. Maganizo anali omveka bwino. Feteleza ndi mafuta zibwere pa sitima kuchokera kudoko, fodya ndi mtedza zitsike pa sitima yomweyo. Koma onaninso chimene mapulaniwo sanaganize. Njanjiyi anaimangira katundu, munthu anabwera pambuyo. Wa ku Kawale wofuna kupita ku Blantyre akanayamba wakwera basi kupita ku Kanengo, kenako sitima n'kumutengera kum'mawa ku Salima, kutsika kudzera ku Chipoka, Golomoti, Balaka, ulendo wozungulira, pamene basi ya pa msewu wa M1 imangodutsa ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ine ndimaona kuti ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene sitima itayamba kusowa, anthu ambiri a mu Lilongwe sanadandaule. Munthu salira chinthu chimene sichinamunyamulepo.

[Kanyimbo kachidule]

WOULUTSA: Tsopano mvetserani zaka izi bwinobwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Njanji inafika ku Mchinji mu 1980. Pofika 1984, njira zonse ziwiri za kunyanja yamchere, ya ku Beira ndi ya ku Nacala, zinali zitatsekeka chifukwa cha nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo. Mlatho wa Dona Ana nawo unaphwasulidwa m'zaka za m'ma 1980 momwemo. Njanji yatsopano ya ku Kanengo inali ngati nkhokwe yaikulu yomangidwa chaka cha njala: yolimba, yokongola, koma yopanda choikamo.

Dziko silikanaima. Katundu anakwera mathiraki. Ena ankadzera ku Tete m'mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali a ku Zimbabwe, ena ankazungulira ku Zambia kulowera pa Mwami ndi Mchinji, mpaka ku Durban, ulendo wa makilomita opitirira 2,000, pamene kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Nacala ndi pafupifupi 1,000. Inatsegulidwanso njira ya kumpoto, ya ku Mbeya ndi Dar es Salaam. Asilikali a dziko lino anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala kuyambira mu 1987, ndipo ena anasiya moyo kumeneko. Mtengo wa zonsezi unagwera munthu wogula sopo ndi mchere pa wokala.

Mtendere unabwera ku Mozambique mu 1992, koma katundu sanabwerere pa njanji momwe ambiri ankayembekezera. M'zaka za nkhondozo makampani a mathiraki anali atakula, amalonda atazolowera kuti thiraki imafika pakhomo pa fakitale tsiku limene analonjezana. Komanso tsidya la Mozambique, gawo la makilomita 77 pakati pa Cuamba ndi Entre Lagos, pafupi ndi Nayuchi, linali lowonongeka kwambiri moti sitima inkangokwawa.

Apa ndifotokoze mmene njanji imafera, chifukwa siifa tsiku limodzi. Kampani ya mathiraki simanga msewu wake, boma ndi limene limamanga ndi kukonza. Kampani ya sitima imasamala yokha njira yake, kilomita iliyonse, kaya padutsa sitima 10 pa tsiku kaya imodzi pa mwezi. Katundu akachepa, ndalama zimachepa. Ndalama zikachepa, choyamba kudulidwa ndi gulu la anthu olambula ngalande ndi kumanga mabawuti, chifukwa kusowa kwawo sikuoneka msanga. Njanji ikayamba kufooka, akatswiri amalamula kuti sitima iziyenda pang'onopang'ono poopa kugwa. Ikamachedwa, mwini katundu amathawira ku thiraki. Katundu wachepanso, ndipo nkhani yayambiranso pomwe paja.

Ndiye kunabwera madzi. Mu 1997 madzi osefukira anadula njanji pa Chiromo, ndipo Bangula ndi Nsanje zinasiyidwa kunja. Mu Disembala 1999 boma linapereka njanji m'manja mwa kampani ya Central East African Railways, imene ambiri timangoti CEAR, ndipo dzina la Malawi Railways linatsala m'kamwa mwa akuluakulu. Mu Januwale 2003 mtsinje wa Rivirivi unakokolola mlatho wa sitima pafupi ndi Balaka. Mlatho umodzi wokhawo unadula Salima, Lilongwe ndi Mchinji ku njanji yonse, ndipo unadzakonzedwa mu 2005. Zaka ziwiri ndi nthawi yaitali kwa munthu wamalonda. Amene anasamutsira katundu wake ku msewu nthawi imeneyo sanafulumire kubwerera.

Ya ku Chipata ndingoidutsa mwachangu. Gawo la makilomita 27 lolumikiza Mchinji ndi Chipata ku Zambia linayambika mu 1982, n'kudzatsegulidwa mu Ogasiti 2010, nthawi ya apulezidenti Bingu wa Mutharika ndi Rupiah Banda. Zaka 28 pa makilomita 27. Ndipo litatsegulidwa, sitima zodutsapo zakhala zowerengeka.

Chomvetsa chidwi n'chakuti njanji ya m'Malawi lero ikunyamula katundu wolemera kuposa kale lonse, koma katunduyo safika kuno. Kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga njanji yatsopano yochokera ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kudutsa m'dziko lino mpaka pa Nkaya, n'kukonzanso ya ku Nayuchi. Sitima za malasha za mabogi opitirira 100 zimadutsa pa Liwonde usana ndi usiku kupita ku Nacala. Vale inagulitsa zonsezi mu 2022 ku kampani ya Vulcan. Pa Nkaya, njanji ya malasha imalowera kum'mawa, ya ku Salima ndi Kanengo imalowera kumpoto, ndipo ndalama zikuluzikulu zinatsata malasha.

[Nyimbo, kenako itsike]

WOULUTSA: Tiyeni tiwerame tione njanjiyo pafupi, makamaka inu a kwa Mgona ndi Area 25 amene mumaiponda tsiku ndi tsiku.

Zitsulo ziwirizo zatalikirana mamilimita 1,067, ndipo muyeso umenewu ndi womwewo ku Mozambique, ku Zambia, ku Zimbabwe mpaka ku South Africa. N'chifukwa chake bogi yochokera ku Nacala imatha kufika ku Kanengo popanda kutsitsa katundu. Muyesowo ukasuntha pang'ono chabe, wilo limagwera mkati. Chimene chimaugwira ndi masilipa, kaya a konkire kaya achitsulo, pamodzi ndi tizitsulo tomangira njanji ku silipa. Pansi pake pali miyala ya kwale, ndipo miyalayi sanaithire pofuna kukongoletsa. Ndi yosongoka dala kuti izilumana, igwire silipa isasunthe, igawe kulemera kwa sitima, komanso madzi a mvula adutse osadikha. M'mbali muli ngalande.

Tsono munthu akawola wilibala imodzi ya miyala imeneyi kukathira pa maziko a nyumba, iye amaona ngati watola. Wina akamasula tizitsulo kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, amapeza ya ndiwo ya tsiku limodzi. Wina walima chimanga mpaka m'mphepete mwa mtumbira wa njanji, wina wakumba mchenga pansi pa mlatho, wina ngalande waisandutsa dzala. Palibe mmodzi mwa anthuwa amene akuganiza kuti akugwetsa sitima. Koma ikagwa mvula ya Januwale, madzi osowa kolowera amadya dothi la pansi, ndipo m'mawa mumapeza njanji ikulendewera m'malere, masilipa ali lende.

Sindikunena izi kuti ndiloze chala anthu osauka okha. Njanji imene sitima imadutsa tsiku lililonse siibedwa kawirikawiri, chifukwa ili ndi maso. Kale kunali anthu oyendera njanji wapansi, sipanala yaikulu paphewa, nyundo m'manja, aliyense ndi gawo lake. Ankagogoda chitsulo n'kumvetsera kulira kwake, bawuti yomasuka ankaimanga pomwepo, ngalande yotsekeka ankaiona mvula isanabwere. Kunalinso katilole kokankha ndi manja konyamula kapitawo ndi zida. Anthu amenewa atachepa, akuba anapeza mpata. Kuba kunabwera njanji itafooka kale, ndipo kunangoifooketsa kwambiri.

[Kanyimbo kachidule]

WOULUTSA: Nanga ndani akuikumbukira? M'makomboni mwathumu muli madala amene anagwira ntchito ku Reluwe: oyendetsa sitima, osintha njanji pa mphambano, ogulitsa matikiti, amakaniki amene anaphunzira ntchito ku Limbe. Mukakhala nawo pansi, nkhani zawo sizikhala za zaka ndi ndalama ngati zanga zino. Amakuuzani malo amene mutu wa sitima unkalira kwambiri pokwera kuchokera ku Salima, mmene ankathirira mchenga pa njanji mawilo akamaterereka ndi mame, mmene ankawerengera mabogi kuti mutu umodzi ukwanitse phiri. Amayi amene anakulira m'mbali mwa njanji amakumbukira geni ya pa siteshoni, nthochi, mzimbe ndi nsomba zowamba zopatsirana pa windo. Ndipo amene anali ana nthawi imeneyo amakumbukira kuika msomali pa njanji kuti sitima iuphwatalitse ukhale kampeni. Ana amene mukumvera, zimenezo ayi, ambiri anapweteka nazo.

Kunja kuli anthu amene chidwi chawo pa sitima chimafika poti ena angati ndi misala. Amasunga matikiti akale, ndandanda za nthawi, manambala a mitu ya sitima, ndipo ena amakwera ndege kudzajambula mutu umodzi wakale kuno ku Africa. Ku Wales kuli kanjanji kotchedwa Talyllyn, ka makilomita pafupifupi 12, komwe kankanyamula miyala yofolerera nyumba. Mgodi utatsekedwa ndipo mwini wake atamwalira, anthu okonda sitima anakatenga mu 1951 n'kuyamba kukayendetsa mongodzipereka, ndipo mpaka lero kakunyamula alendo. Pafupi nafe pano, ku Bulawayo ndi ku Livingstone kuli nyumba zosungiramo mbiri ya sitima.

Kwathu kuno zilipo zochepa zimene zinapulumuka. Timitu tiwiri ta sitima toyendera nthunzi, Thistle ndi Shamrock, topangidwa ndi kampani ya Bagnall ku England kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, tikadalipo: kena ku Limbe, kena ku nyumba ya mbiri ya ku Chichiri mu Blantyre. Koma zimenezo ndi za njanji ya atsamunda. Ya njanji ya 1979, imene inamangidwa ndi makolo athu dziko lili pa ufulu, mu Lilongwe mulibe nyumba yoisungira mbiri. Ili m'mitu mwa madala aja, ndi m'zithunzi zimene zili m'masutikesi pansi pa bedi.

Ndichenjezeko pang'ono pa nkhani ya kukumbukira, chifukwa munthu akamakumbukira amasankha zokoma. Sitima ya nthawi ya atsamunda inkasankha anthu potengera khungu, ndipo Amalawi ankadzazana m'mabogi a mabenchi athabwa. Katswiri wa mbiri Leroy Vail analemba mu 1975 kuti ngongole za njanji ya ku Beira ndi mlatho wa Zambezi zinasaukitsa Nyasaland, chifukwa msonkho wa anthu unkapita kukabweza ngongole m'malo momanga sukulu ndi zipatala. Akatswiri ena amatsutsana naye pa kukula kwa vutolo, koma ngongolezo zinalipodi. Choncho si kuti njanji iliyonse ndi dalitso chifukwa choti ndi njanji. Imapindula pokhapokha pali katundu wokwanira woti idye.

Ndipo katunduyo ku Kanengo alipo. Bogi imodzi imanyamula matani pafupifupi 40, thiraki yaikulu pafupifupi 30. Sitima ya mabogi 20 ikachoka pa siteshoni, ndiye kuti mathiraki opitirira 25 sanaponde msewu wa ku Salima kapena wa M1. Inu amene mumakwera minibasi kuchoka ku Area 23 kapena ku Biwi kupita kuntchito ku Kanengo m'nyengo ya fodya, mumaona nokha mzere wa mathiraki ndi maenje amene amasiya.

Mu Julayi 2024, sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Nacala inafika ku Kanengo, ku matanki a kampani ya boma ya mafuta ya NOCMA, koyamba patapita zaka 21. Mukachotsera, mupeza kuti zakazo zikukufikitsani ku 2003, chaka cha mlatho wa Rivirivi. Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anakailandira, ndipo kunali nyimbo ndi magule. Ine chimene ndingafune kudziwa ndi sitima zingati zimafika pa mwezi makamera atachoka, ndiponso anthu angati alembedwa ntchito yolambula ngalande pakati pa Salima ndi Kanengo mvula isanayambe. A wailesi ndi a nyuzipepala tizifunsa mafunso amenewa chaka chilichonse mu Okutobala.

Mawu awiri kwa inu okhala m'mbali mwa njanji. Kukhala nthawi yaitali osaona sitima kumaiwalitsa kuti ikhoza kubwera nthawi iliyonse. Sitima yodzaza katundu siima pafupi, imafuna mamita mahandiredi angapo ngakhale woyendetsa atagwira mabuleki onse, ndipo siingakhote kukupewani. Achinyamata oyenda pa njanji mahedifoni ali m'makutu, akabaza owoloka mothamanga, amayi oyanika ufa kapena zovala pa miyala ija, chonde samalani.

Ndipo ngati kwanuko kuli agogo amene anagwira ntchito ku Reluwe, kapena amene anagwira nawo ntchito yomanga njanji ya Salima ndi Mchinji, tengani foni muwajambule mawu. Afunseni kumene ankagona, zimene ankadya, malipiro awo, mayina a malo amene anakumba. Ngati ali ndi tikiti yakale, chipewa, baji kapena chithunzi, chijambuleni mutitumizire kuno ku wailesi, tidzawaitane adzalankhule okha.

Sabata yamawa tidzatsika nayo njanjiyi mpaka pa doko la Chipoka, kuti timve mmene sitima ya pamadzi ya Ilala inafikira kuno ili zidutswazidutswa kuchokera ku Scotland, n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay isanayambe maulendo ake mu 1951.

[Nyimbo yotsekera]